Zipsepse za Mpasa M'kachasu wa Nachisale

1972 mpaka 1993

Ana anga, za ubwana wanga sindilembapo, poti azakhali anu anakuuzani kale zonse n'kuwonjezerapo ndi zawo. Ndiyambira pa ntchito. Ndinalembedwa mu 1972 ku ofesi yoyang'anira za nsomba pa boma la Nkhotakota, ndipo anandipatsa kabudula wa khaki, sikelo ndi rula. Ntchito yanga inali kuima pagombe m'mawa kudikira mabwato, n'kumayeza kulemera ndi kutalika kwa nsomba. Asodzi sankandikonda kwenikweni. Ankaganiza kuti munthu woyeza nsomba za anzake ali ndi nkhani ya msonkho kumbuyo, choncho akandiona ankabisa zikuluzikulu pansi pa ukonde n'kundionetsa timatemba. Dzina langa la Saidi linatha, ndinasanduka a Sikelo. Ndinakhala pa boma, kenako ku Benga, kenako mu 1985 ananditumiza ku Liwaladzi, kufupi ndi mtsinje wa Bua. Mabwana ndinaona amitundumitundu. Wina ankafuna kuti ukamalankhula naye manja azikhala kumbuyo. Wina anali wabwino mtima koma woiwala, moti njinga yatsopano imene anandilonjeza ndikuidikirabe mpaka lero.

Ku Liwaladziko ndi kumene ndinapeza ntchito yachiwiri, yosalipidwa, imene ndinkaikonda kuposa ya boma. Muazini wa mzikiti wathu waung'ono, munthu woitanira anthu ku swala, anali atakalamba mawu atamuthera, ndipo a Shehe anati ndiziitana azana ndine. Osati kudzitama, koma mawu Mulungu anandipatsa. Zokuzira mawu kunalibe, komabe ndikakwera pa kansanja ka njerwa pambali pa mzikiti, asodzi ankandimva ali m'mabwato. Amayi anu sankayang'ana dzuwa. Akamva azana ya alasiri, masana akamapendeka, ankadziwa kuti nthawi yoteleka mpunga yakwana. Ndinkanyadira kwambiri, sindibisa. Koma munthu ukakhala muazini mudzi wonse umayang'ana pamene ukuponda, ndipo nkhani ndikulembayi yagona pamenepo.

1994

Chaka chimenechi dziko linatembenuka. Zipani zinachuluka, pa msika anasiya kufunsa makadi a chipani, ndipo anthu amene anakhala zaka zambiri akunong'ona anayamba kulankhula mpaka kukhosi kuuma. Ife Asilamu tinayamba kuvala mikanjo yathu paliponse mutu uli m'mwamba. Koma kwacha inagwa, katundu anakwera, ndipo pa ofesi yathu ya ku Liwaladzi furiji ya palafini inasanduka kabati ya mafaelo ndi mphemvu.

Mvula ili pafupi, bwana wa pa boma anabwera ndi mlendo, mayi wachitsikana wa ku Rumphi, Mayi Gondwe, amene ankaphunzira za sayansi kunja kwa dziko. Bwana anangoti, "A Saidi, awa muwathandize, akufuna nsomba," n'kukwera galimoto. Ine ndinayamba kuganiza za msodzi amene angawagulitse chambo chabwino. Mayiyo anakhala pa benchi, navula nsapato kukutumula mchenga, n'kundifunsa ndi Chichewa chake chopendekera ku Chitumbuka.

"Bambo Saidi, n'chifukwa chiyani munthu sayoyoka ngati mchenga uwu?"

"Khungu limamugwira, mayi."

"Nanga khungulo chimaligwira n'chiyani?"

Ndipo anandifotokozera pang'onopang'ono, osandichititsa manyazi. Anati thupi linamangidwa ndi maselo, tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo selo lililonse lili ndi timanja tomata kunja kwake togwirana ndi selo linzake. Timanjato tikapanda kugwirana, dzira silingasanduke nsomba, bala silingapole. Malangizo opangira timanjato ali m'kati mwa selo lililonse, m'chinthu chimene ankachitcha DNA.

"Koma malangizowo sali mondondozana," anatero. "Ali m'zidutswa. Pali chidutswa chowerengedwa, kenako mpata wa zosawerengedwa, kenako chidutswa china. Thupi limadula mipatayo n'kulumikiza zidutswa. Ine ndikufuna ndione ngati malo odulawo ndi amodzimodzi mwa zamoyo zonse za fupa la msana. Nsomba, chule, nkhuku, mbuzi, ndi inuyo."

"Ine ndi chule?"

"Inu ndi chule, bambo."

Ndinapempha chikhululuko kwa Mulungu chamumtima, koma nkhaniyo inandigwira. Zaka zonsezo ndinkayeza nsomba kunja kokha, osadziwa kuti m'kati mwake muli zolembedwa.

Ntchito yake inali yosavuta. Umatenga lumo latsopano, kudula kachidutswa ka chipsepse cha nsomba kochepa ngati chikhadabo cha mwana, n'kukaponya m'kabotolo ka sipiliti woyera. Sipilitiyo ndi amene ankasunga malangizo aja. Popanda iye, kutentha kwa kunyanja kuno kankawola n'kufufuta zonse. Anandichenjeza kuti sipiliti wachikuda wa m'magolosale uja ndisamuyerekeze, amawononga. Tinadula chambo, kampango, mlamba. Tinathamangitsa achule m'dambo, ine bambo wa ndevu zanga, amayi a m'mudzi akugwa ndi phwete. Nkhuku ndi mbuzi tinapempha pamene anthu ankazinga. Za munthu anati n'zodziwika kale kwa aphunzitsi ake, choncho palibe amene anadulidwa, ndipo ndinapuma bwino.

Inasowa ndi mpasa. Nsomba imeneyi imakwera mtsinje wa Bua mvula ikamatha, ndipo nthawi ya Mayi Gondwe yobwerera kusukulu inakwana mpasa asanaoneke. Anati mpasa ndi wa banja lina, losiyana ndi la chambo ndi la mlamba, ndipo popanda iye ntchito yake ikhala yotsimphina, aphunzitsi ake sangailandire. Anandisiyira timabotolo, malumo ndi chigubu cha sipiliti. Anati galimoto lidzadutsa kudzatenga bokosilo kupita nalo ku bwalo la ndege.

"Bambo Saidi, ndadalira inu. Zaka zanga zonse zakusukulu zili m'manja mwanu."

"Insha Allah, mayi, mpasa wanu adzafika."

Ndinalonjeza pamaso pa Mulungu, ndipo Iye anamva.

1995

Mpasa anakwera, asodzi anayamba kumupha, ndipo uthenga unafika kuti galimoto lidutsa sabata yomweyo. Ndinapita kukona kwa ofesi kukanyamula chigubu chija, ndipo chinanyamuka ndi chala chimodzi. Chinali ndi mng'alu pansi, wochepa ngati ulusi, ndipo sipiliti yense anali atatha kalekale osasiya ndi fungo lomwe. Ndinapalasa njinga yanga yakale kupita pa boma. Kuchipatala anati wawo sakukwanira ndi odwala omwe. M'masitolo munali wachikuda yekhayekha. Furiji inalibe palafini. Bwana anandimvera chisoni n'kunena kuti alembera ku likulu, ndipo ine amene ndinali nditagwira m'boma zaka zambiri ndinadziwa kuti yankho lidzapeza mpasa atabwerera kunyanja.

Pobwerera ndinakumbukira zimene Mayi Gondwe ananena tsiku lina moseka, kuti zikavuta kutchire anthu a ntchito yawo amasungira m'kachasu, bola akhale mutu wokhawokha, woyamba kudontha uja, wotchezedwanso kachiwiri, woti ukamuyatsa ayake osasiya madzi. Ndinayesa kuwathamangitsa maganizowo koma anandiperekeza mpaka pakhomo. Ndinawauza amayi anu akusankha mpunga. Anasiya lichero.

"Inu a muazini? Kwa Nachisale?"

Nachisale anali mayi wotcheza kachasu kuseri kwa msewu, wodziwika kuyambira ku Dwangwa mpaka ku Benga.

"Sindikamwa, mayi. N'kosungira zipsepse."

"Anthu akaona zipsepse kapena akaona botolo? Tumani munthu, bambo. Akhristu alipo ambiri pano."

Anali kunena zoona, ndipo ndinaganizira. Koma kutuma munthu kunali kubisala kumbuyo kwa mnzanga, pamene wogula ndine ndemwe. Komanso kachasuyo ndinayenera kumuona ndi maso anga akuyaka, chifukwa akanakhala wamadzi zonse zikanawola. Ndinayeza zinthu ziwiri: lonjezo limene ndinapereka potchula dzina la Mulungu, ndi kansanja kanga ka njerwa. Mtima unandiwawa chifukwa ndinkadziwa chimene ndingataye. Ndinawauza amayi anu kuti ndipita ndekha, masana, dzuwa likuswa mtengo, kuti wina asadzanene kuti ndinkazemba. Iwo anatola lichero n'kupitiriza kusankha mpunga.

Kwa Nachisale ndinapeza amuna atakhala pansi pa mtengo wa mango, phokoso lili pakamwa. Nditati odi, onse anatembenuka kundiyang'ana. Mwiniwake anatuluka akupukuta manja pa chitenje, mayi wamkulu thupi, wa maso oseka.

"A Sikelo! Mwasochera kapena mwabwera kudzatiitanira ku swala?"

"Ndabwera kudzagula, mayi. Mutu wokhawokha, ndipo muutchezenso kachiwiri."

"Eee! Matipatewa atiululira zambiri chaka chino. Oyamba kumene, mukufuna kuyambira pa mutu?"

Amuna aja anaseka mpaka wina kugwa pa mpando. Ndinamufotokozera za zipsepse. Sanamvetse zambiri, koma atamva kuti mowa wake ukwera ndege kupita kunja, anasonkhezera moto yekha. Ndinadikira chapatali, nditatembenukira kumsewu. Atamaliza anachita monga amachitira ndi wogula aliyense. Anathira pang'ono m'kakapu, nalawa yekha poyamba kusonyeza kuti mulibe choipa, n'kundipatsira. Kumeneko wogula sakana cholawa. Ukakana ndiye kuti ukumuganizira mwini mowa kuti wathiramo mankhwala.

"Pepani mayi, ine sindilawa."

Nkhope inasintha. "Ndiye mukuti ndine mfiti? Ndalawa pamaso panu!"

"Iyayi mayi, chipembedzo. Koma tiyeni ulawe ndi moto."

Ndinapempha kambale ndi machesi. Anathira pang'ono, ndinayatsa, ndipo lawi lobiriwira linavina pamenepo mpaka kuzima lokha, kambale n'kutsala pafupifupi kouma. Nachisale anaomba m'manja, mkwiyo wonse utatha.

"Mwaona? Wanga sasiya madzi! Mukawauze azunguwo kuti ndi wa Nachisale wa ku Liwaladzi."

Ndinamangirira botolo la velemoti, lija amagulitsiramo kachasu, pa keliyala poyera, osakuta ndi nsalu. Ndisanafike kunyumba, mbiri inali itandipitirira. Tsiku lomwelo ndinapita kumtsinje, ndinadula zipsepse za mpasa, ndinatseka timabotolo, ndipo kachasu wotsala ndinamukhuthulira pansi asodzi akuona, ena akudandaula mokweza. Galimoto linabwera, bokosi linapita. Pamenepo ndinapuma, koma ndinkadziwa kuti Lachisanu likubwera.

Itatha swala ya Ijuma a Shehe anati akuluakulu atsale, ndi ine ndemwe. A Shehe anali munthu wofatsa, wowonda, amene ankakopera mabuku a Chiarabu ndi dzanja lawo ndipo sankakweza mawu. Ndinafotokoza zonse osabisa. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"A Saidi, ine sindikunena kuti munamwa. Ndikukudziwani. Koma mukudziwa kuti choletsedwa si kumwa kokha. Kugula ndi kunyamula nazonso zili momwemo."

"Ndikudziwa, a Shehe."

"Ndiye munagula haramu chifukwa cha chiyani? Zipsepse. Ana a ku madarasa akundifunsa ngati tsopano n'zololedwa, poti a muazini anagula. Ndiwayankhe chiyani? Mukuti ndi za maphunziro. Mwina ndi zoona. Koma ine sindinaone kanthu. Mutsike pa nsanja mpaka ndidzaone chimene zipsepsezo zabala. Kuswali bwerani, mzikiti ndi wa Mulungu."

Sindinatsutse. Akanandikalipira zikanakhala bwino, koma kufatsa kwawoko kunandilasa. Azana anapatsidwa a Yusufu, munthu wabwino ndithu, koma wa mawu oti mbuzi zinkawayankha. Tsiku lililonse ndinkamva kuitana kwawo ndili pakhonde, milomo yanga ikutsatira yokha. Pa gombe dzina linasinthanso, ndinakhala a Velemoti. Iwe Amina unabwera tsiku lina kuchokera ku madarasa ukulira, anzako atakuuza kuti bambo ako amadyera mowa nsomba zaziwisi. Mwina unaiwala, ine sindinaiwale. Amayi anu sananene ngakhale kamodzi kuti ndinakuuzani, koma anayamba kuteleka mpunga poyang'ana dzuwa. Ndipo kuchokera kunja kunali zii. Sindinkadziwa ngati bokosi linafika, kapena ngati kachasuyo anasunga kanthu. Nthawi zina ndinkaganiza kuti ndataya nsanja chifukwa cha nsomba zowola.

1996

Mpasa atakweranso, tsiku lina ndili pa ofesi ndinaona munthu akutsika minibasi ndi kachikwama. Anali Mayi Gondwe, ataonda ndi kuwerenga. Anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Bambo Saidi, nditatsegula bokosi lanu chipinda chonse chinanunkha kwathu! Aphunzitsi anga anatsegula mawindo. Timabotolo tina tinawonongeka, koma tambiri tinasunga bwinobwino. Mpasa anawerengeka. Ndamaliza."

Ndinakhala pansi pa benchi. Ndinati Alihamudulila kangapo. Kenako anandifunsa kuti kachasuyo ndinamupeza bwanji ine Msilamu, ndipo ndinamuuza zonse. Misozi ili m'maso, ananena kuti timuperekeze kwa a Shehe. Amayi anu anamubwereka chitenje ndi mpango wakumutu, ndipo tinapita titadya chamasana.

Tinawapeza a Shehe pakhonde pawo ndi akuluakulu angapo. Ine ndinkayembekezera kuti mayiyo atulutsa mapepala achizungu, zimene zikanangowatopetsa. Koma anagwada patali, napereka moni, n'kupempha mapesi a mpunga amene anali mulu pabwalo. Anawathyola m'zidutswa zazitali ndi zazifupi, n'kuyamba kuziyala pa mkeka m'mizere, mzere uliwonse pansi pa unzake. Anafotokoza za maselo ndi timanja togwirana monga anandifotokozera ine. Anati mzere uliwonse ndi malangizo opangira timanjato mwa chamoyo chimodzi, mapesi ndi zidutswa zowerengedwa, ndipo pamene mkeka ukuoneka ndi mipata ija thupi limadula. Mizere sinali yofanana. Wapamwamba unali wothithikana, wapansi unali wa mipata ikuluikulu mpaka kutuluka pa mkeka.

A Shehe anawerama, ndodo ili m'manja. "Uyu wapamwambayu ndani?"

"Ndi mpasa, a Shehe. Wa m'botolo la a Saidi uja."

"Uyu?"

"Chule. Uyu nkhuku, uyu mbuzi."

"Nanga wotayirira uyu?"

"Ndi munthu."

Akuluakulu anaseka, wina n'kunena kuti n'zoona munthu ndi wotayirira. A Shehe sanaseke. Mayi Gondwe anawapempha kuti atseke mipatayo okha. A Shehe anatambasula ndodo n'kuyamba kukankha mapesi a mzere wa munthu kuti agundane, kenako a mbuzi, a nkhuku, a chule, mpaka a mpasa. Mipata itatha, mizere yonse inakhala yotalika mofanana, ndipo polumikizira pa mzere uliwonse panagwera pamodzimodzi ndi pa unzake, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Malo amodzi okha ndi amene mpasa anali ndi podula pake pamene ena analibe, ndipo mayiyo anawaonetsa osabisa.

A Shehe anayang'ana mizereyo, n'kufunsa.

"Mayi, zimenezi mwaziona ndi maso anu, kapena mwangomva?"

"Ndaziona, a Shehe. Za mpasa ndinawerenga ndekha."

"Ine ndakopera mabuku moyo wanga wonse," anatero motsitsa. "Mukandipatsa masamba osalembedwa dzina, ndimadziwa ngati analemba ndi munthu mmodzi. Mlembi aliyense ali ndi pamene amanyamulira cholembera. Apa dzanja ndi limodzi."

Akuluakulu anati Subuhana Allah. Mayi Gondwe anangoweramitsa mutu, sanawonjezere kapena kuchotsera. Kenako a Shehe anatembenukira kwa ine, nkhope ili yomweyo.

"A Saidi, kachasu ndi haramu dzulo, lero ndi mawa. Mapesi awa sanasinthe zimenezo. Musadzabwerezenso."

"Sindidzabwereza, a Shehe."

"Mayi, ulendo wina muziwasiyira zigubu ziwiri."

"Ndamva, a Shehe."

Anayang'ana mthunzi wa mtengo pabwalo, nauloza ndi ndodo. "Alasiri yakwana. Inu a Saidi mukudikira chiyani? Mukufuna a Yusufu atimalize makutu?"

A Yusufu, amene anali pomwepo, anaseka kuposa onse, n'kunena kuti kukhosi kwawo kwakhala kukupempha tchuthi kwa chaka chathunthu. Ndinapita pachitsime kukatawaza, mothamanga moti madzi ambiri anathera pa mkanjo. Ndinakwera kansanja kaja. Panali patamera udzu m'mbali, poti a Yusufu ankaitana ataima pansi. Ndinatseka makutu ndi zala, ndinatsegula pakamwa, ndipo mawu oyamba anatuluka osweka ngati a mnyamata. Ndinayambiranso. Ulendo wachiwiri anabwera onse, kuchokera pansi pamimba, ndipo ndinaona mitu ikudzuka m'mabwato.

Pa kansanjapo nyumba yathu inkaoneka. Amayi anu anali ataima pakati pa bwalo, poto wa mpunga ali m'manja, osapita kumoto, osabwerera m'nyumba. Anaima choncho mpaka ndinamaliza, akupukuta m'maso ndi phewa. Tsiku limenelo mpunga unapsa mochedwa, unapsereranso pansi, ndipo inu ana munadandaula. Ine ndinadya mpaka makoko.